MinION pa DNA yobwerezabwereza ya tizilombo ta kaodzera ndi malungo: kakugwira ntchito, koma mudziwe chomwe mukugula

Anthu angapo a m'malabu komanso ana asukulu a masters akhala akundifunsa ngati n'koyenera kuika MinION, kachipangizo kakang'ono kowerengera zilembo za DNA, mu bajeti ya proposal, makamaka amene akufuna kuwerenga DNA ya tizilombo ta selo imodzi ngati ta kaodzera ndi ta malungo, nde ndati ndingolemba kamodzi n'kamodzi m'malo momayankha aliyense payekha. Mwachidule kaikeni, koma pokhapokha ngati funso lanu lili m'zigawo za DNA zomwe zilembo zake zimabwerezabwereza, komanso ngati mwawerengera ndalama za zinthu zonse zomwe sizibwera m'bokosimo, chifukwa kachipangizoko pakokha ndi kagawo kochepa chabe ka ndalama zomwe zidzatuluke m'thumba.

Kwa amene simunakaonepo, MinION amapanga ndi a Oxford Nanopore Technologies a ku UK ndipo kanayamba kufika m'manja mwa ofufuza mu 2014. Ka Mk1B kamene ine ndakagwiritsa ntchito kwambiri kamakwana m'dzanja, kulemera kwake sikufika magalamu 100, mumangokalumikiza ku laputopu ndi USB basi. Mkati mumaikamo flow cell, mbale yaing'ono yothirapo sampulo, yomwe ili ndi timabowo ta puloteni pa ma channel 512, ndipo ulusi wa DNA ukamadutsa pa kabowo, zilembo pafupifupi 400 pa sekondi, mphamvu ya magetsi yodutsa pamenepo imasinthasintha nde kompyuta imamasulira kusinthako kukhala A, C, G ndi T. Mulibe kamera, mulibe laser. Anthu amakonda kukamba zoti kanagwira ntchito ku Guinea nthawi ya Ebola mu 2015, komanso kuti Kate Rubins anakagwiritsa ntchito mlengalenga pa International Space Station mu 2016, zoona ndithu, koma nkhani zimenezi ndi zomwe zimanamiza anthu kuti kamagwira paliponse popanda labu. Genome ya Ebola, ndiye kuti uthenga wake wonse wa chibadwa, ndi zilembo pafupifupi 19,000 zokha ndipo ankaichulukitsa kaye ndi PCR. Tizilombo tathuti ndi nkhani ina.

Tengani Trypanosoma brucei, kachilombo kamene ntchentche za kashembe zimafalitsa. Ka mtundu wa rhodesiense ndi kamene kamadwalitsa anthu kuno kwathu, cha ku Vwaza ku Rumphi, ku Nkhotakota ndi ku Kasungu, ndipo Stephens ndi Fantham anakafotokoza koyamba mu 1910 kuchokera mwa munthu amene anakatengera ku chigwa cha Luangwa ku Zambia. Genome yake inasindikizidwa mu 2005 mu magazini ya Science, ya strain yotchedwa TREU927, zilembo pafupifupi 26 miliyoni pa ma chromosome akuluakulu 11. Koma zimene zinatulukazo sizinali zonse ayi. Kumathero kwa ma chromosome kunali mipata yambiri, ndipo kupatula akuluakuluwo kachilomboka kali ndi tima chromosome ting'onoting'ono pafupifupi 100 tomwe mkati mwake mwangodzaza kachidutswa kamodzimodzi ka zilembo 177 kobwerezedwa kambirimbiri. Palinso zobwereza za zilembo 70 kutsogolo kwa majini a VSG (puloteni yomwe imakuta thupi la kachilomboka), za zilembo 50 kutsogolo kwa malo omwe VSG imayatsidwira, za 147 pa ma centromere (malo omwe chromosome imagwiridwa selo ikamagawikana), palinso ingi ndi RIME zomwe zinadzikopera zokha n'kumwazikana genome yonse, nde kumapeto kwenikweni kuli TTAGGG TTAGGG yemwe uja ali kumapeto kwa ma chromosome athu anthufe.

Vuto lake ndi ili. Tangoganizani chitenje cha duwa limodzimodzi kuyambira uku mpaka uko, wina wachiduladula tizidutswa ting'onoting'ono n'kukuuzani kuti muchisoke chibwerere mwakale. Pamene pali mawu kapena chithunzi chapadera mulumikiza bwinobwino, koma pa maluwa paja kachidutswa kalikonse kakukwana paliponse, simungadziwe kuti maluwawo analipo 20 kapena 200, kapena kuti mawu awa anali mbali iti ya maluwawo. Makina ena owerengera DNA, a Illumina, amawerenga zilembo 150, akatalikitsa 300, nde taonani read (kachidutswa kamodzi komwe makina awerenga) ya zilembo 150 siyimaliza n'komwe kachidutswa kamodzi ka 177. Kompyuta imangounjika zonse pamalo amodzi n'kukupatsani genome yooneka yaukhondo koma yoperewera. MinION ilibe malire otere, ulusi ukalowa wautali imawerenga wautali, ma read a zilembo 10,000 mpaka 30,000 si zachilendo ngati DNA mwaisamala, ndipo alipo anthu anawerengapo read imodzi yopitirira zilembo 2 miliyoni.

Wina atha kufunsa kuti nanga tikuvutikiranji ndi zinyalala zobwerezabwerezazi, bwanji osangozisiya. Abale, mu tizilomboti m'zobwerezamo ndi momwe muli nkhani yonse ya chifukwa chake thupi limalephera kutithetsa. Trypanosoma kamadzikuta thupi lonse ndi puloteni imodzi yotchedwa VSG, pafupifupi 10 miliyoni pa selo imodzi, ndipo chitetezo cha m'thupi chikangoizindikira tizilombo tambiri timafa koma tingapo timakhala titasintha kale n'kuvala VSG ina, nde kutentha thupi kwa wodwala kumatsika, kukwera, kutsika, kukweranso. Majini a VSG alipo opitirira 2,000, ambiri mwa iwo ndi oduka kapena owonongeka koma kachilomboka kamatha kutenga chidutswa apa chidutswa apo n'kupanga yatsopano, ndipo imayatsidwa imodzi yokha nthawi imodzi kuchokera pa malo pafupifupi 15 omwe ali kufupi ndi kumathero kwa ma chromosome. Zobwereza za zilembo 70 zija ndi pomwe DNA imagwirana pamene jini yatsopano ikukoperedwa kulowa pa malo oyakawo. Nde ngati funso lanu ndi loti VSG iyi yakhala pa malo ati, yachokera kuti, mukufunika read imodzi yoyambira pa jini yapadera, kudutsa zobwereza zonsezo, mpaka kukafika pa VSG ndi TTAGGG. Apa ndi pomwe kachipangizoka kanandisangalatsa zenizeni, kutsegula IGV, pulogalamu yoonera ma read, n'kuona mzere umodzi wadutsa chigawo chonse chomwe pa data ya Illumina chinali chipwirikiti, sindinama ndinaitana anzanga onse m'labu kuti adzaone. Pa ntchito imeneyi yokha ndingakapatse 8 pa 10.

Ziwiri zotsalazo ndikuchotsa chifukwa pali malo omwe ngakhale read yaitali siyikwana. Tima chromosome ting'onoting'ono tija timatalika zilembo 50,000 mpaka 150,000 ndipo pakati ponse ndi 177 yokhayokha, nde pokhapokha mutapeza read yodutsa uku mpaka uko, mapulogalamu ngati Flye ndi Canu amasokonezekabe, amalumikiza mutu wa aka ndi mchira wa ako. Chimodzimodzi mndandanda wa majini otchedwa spliced leader pa chromosome 9, pomwe kachidutswa ka zilembo pafupifupi 1,400 kabwerezedwa koposa ka 100. Assembly, genome yomwe kompyuta yalumikiza kuchokera ku ma read, imakuonetsani makope ochepa n'kumaoneka ngati yatha bwino. Njira yodziwira ndi yosavuta, bwezerani ma read pa assembly yanu ndi pulogalamu ya minimap2 muone coverage (kuchuluka kwa ma read omwe agwera pamalo aliwonse), pomwe yakwera modzidzimutsa kasanu kapena kakhumi kuposa malo ena dziwani kuti pamenepo makope apanikizidwa pamodzi, musalembe nambala ya makope mu thesis kuchokera pa assembly yokha. Ngakhale gulu la Nicolai Siegel lomwe linatulutsa genome yabwino kwambiri ya strain ya Lister 427 mu 2018 linachita kuphatikiza ma read aatali a makina a kampani ina ya PacBio ndi njira ya Hi-C yoona zigawo za DNA zomwe zayandikana mu selo kuti lidziwe chigawo chiti chili pa chromosome iti, ndipo ndi pomwe zinaoneka bwino kuti kumathero kwa ma chromosome awiri apabanja limodzi kumasiyana kwambiri.

Chinanso choti mudziwe, ndi chibadwa cha njira ya timabowoyi, n'choti chilembo chimodzi chikabwerezedwa motsatizana, AAAAAAAAAAAA, mphamvu ya magetsi siyisintha nde kompyuta imavutika kudziwa kuti zadutsa zingati. Pa Trypanosoma zimapiririka. Pa Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo, ndiye mutu umawawa, chifukwa genome yake, yomwe inatuluka mu 2002, zilembo 23 miliyoni pa ma chromosome 14, ndi A ndi T pafupifupi 80 pa 100 zilizonse, ndipo pakati pa majini zimafika 90. Paliponse ndi AAAA, TTTT, ATATATAT. Chilembo chimodzi chikasowa mkati mwa jini, pulogalamu yolosera mapuloteni imaona ngati jiniyo ndi yoduka, mumapezeka muli ndi majini owonongeka ambirimbiri omwe mwa kachilombo kenikeniko ali bwinobwino. Ma flow cell a R10.4.1 ndi basecaller (pulogalamu yomasulira mphamvu ya magetsi ija kukhala zilembo) ya Dorado pa SUP, mlingo wake wolondola kwambiri, zachepetsa vutoli kwambiri poyerekeza ndi nthawi ya R9.4.1 ndi Guppy, kusiyana kwake n'koonekeratu, koma ine ndimalangizabe kuti ngati mungapeze ma read a Illumina a sampulo yomweyo, ngakhale ochepa, muwagwiritse ntchito kukonza zilembo. Amene muli ndi data yakale musamalenso ndi kumathero, mu 2022 ofufuza anaonetsa kuti ma basecaller akale ankawerenga TTAGGG ngati TTAAAA, nde mukafufuza telomere ya Trypanosoma, TTAGGG wa kumathero uja, osaipeza musafulumire kunena kuti mwatulukira zachilendo, bwererani ku ma file oyambirira muchite basecalling mwatsopano. N'chifukwa chake ma file oyambirirawo, ma POD5, osataya.

Koma pa majini a var a malungo, omwe alipo pafupifupi 60 pa kachilombo kamodzi ndipo ambiri ali kumathero kwa ma chromosome pafupi ndi zobwereza ngati rep20, MinION imathandiza mofanana ndi pa VSG. Majini amenewa ndi omwe amapanga puloteni yomatirira maselo ofiira a magazi ku mitsempha, nkhani ya malungo a mu ubongo mwa ana ndi malungo a amayi oyembekezera imadutsa pamenepo, ndipo amasiyana kwambiri kachilombo ndi kachilombo moti kuyerekeza ndi 3D7, strain ya m'labu yomwe anthu amayerekezera nayo, sikuthandiza, mumayenera kuwamanga mwatsopano pa sampulo iliyonse.

Tsopano nkhani yomwe ambiri saiganizira polemba bajeti, ndipo ndi yomwe imagwetsa ntchito zambiri: DNA yoti muike pa flow cell muitenga kuti? Kit ya ligation, yokonzera DNA isanaikidwe pa flow cell, imafuna DNA pafupifupi microgram imodzi, yaitali, yoyera. Kachilombo kamodzi ka Trypanosoma kali ndi DNA pafupifupi 0.1 picogram, kutanthauza kuti mukufunika tizilombo 10 miliyoni musanayambe n'komwe kutaya ina potsuka. Pomwe selo yoyera imodzi ya magazi a munthu ili ndi ma picogram 6, nde selo imodzi yokha ikufanana ndi tizilombo 60, ndipo pa malungo ndi zoposa, selo yoyera imodzi ili ndi DNA yoposa ya tizilombo 250. Mu kadontho ka microlitre imodzi muli maselo oyera masauzande. Mukangotenga magazi a wodwala kapena a ng'ombe, kutulutsa DNA n'kuika pa flow cell, mudzawerenga genome ya munthu kapena ya ng'ombeyo mokongola kwambiri ndi ndalama zanu, kachilombo kanu kadzakhala ma read owerengeka. Pa kaodzera wa rhodesiense nthawi zina tizilombo timakhala tambiri m'magazi koma pa ng'ombe zodwala nagana, kaodzera wa ziweto, nthawi zambiri ndi tochepa zedi.

Nde mumayenera kulekanitsa kaye. Pa Trypanosoma njira yake ndi yakale ija ya Lanham ndi Godfrey ya 1970, kudutsitsa magazi mu DEAE cellulose, maselo a magazi amakanirira tizilombo n'kudutsa, ndipo kawirikawiri mumayenera kutichulukitsa kaye mu mbewa za m'labu kapena mu culture, zomwe zimafuna chilolezo cha komiti ndi malo osungira nyama. Pa malungo mumachotsa maselo oyera ndi sefa ngati Plasmodipur kapena cellulose magazi akadali atsopano, osati mawa lake. Amene muli ndi magazi ouma pa pepala, omwe ndi masampulo ambiri omwe tili nawo m'mafiriji muno, ndikuuzeni mosabisa, DNA yake ndi yodukaduka kale, mutha kuichulukitsa ndi sWGA, njira yochulukitsa makamaka DNA ya kachilombo, koma coverage imakhala yokwera apa yotsika apo ndipo kumathero kwa ma chromosome komwe mumafuna kuja ndi komwe kumavutika kwambiri. Pali adaptive sampling mu MinKNOW, pulogalamu yoyendetsera MinION, pomwe kachipangizoka kakazindikira kuti ulusi womwe walowa ndi wa munthu kamaulavula n'kudikira wina, nzeru yabwino ndipo imagwiradi ntchito, koma imakuwonjezerani kangapo chabe, siyingasandutse sampulo yopanda tizilombo kukhala yabwino.

Ndipo DNA yaitali imafuna ulemu. Osaigwedeza pa vortex, osaikoka ndi kuibweza ndi pipeti mwaukali, gwiritsani ntchito ma tip a kukamwa kwakukulu, osaiumitsa ndi kuisungunula mobwerezabwereza. Ma column wamba omwe tinazolowera pa PCR amaidula, ma read amatuluka aafupi nde cholinga chonse chogulira MinION chathera pomwepo. Muyeso wake tengani pa Qubit, chifukwa NanoDrop imawerengera limodzi ndi RNA ndi zinyalala n'kukupatsani nambala yokoma yomwe kulibe. Apa mwaona kale kuti pakufunika Qubit ndi ma reagent ake, mikanda ya AMPure yotsukira DNA, maginito ake, ma enzyme a NEB okonzera nsonga za DNA ndi kumata ma adapter omwe amagulidwa padera, machubu a LoBind, ethanol wabwino, centrifuge, heat block. Labu yomwe ikuchita kale molecular ili nazo zambiri mwa izi. Yomwe ikungoyamba kumene, owerengerani bwino.

Poika sampulo pa flow cell pali kanthu kamodzi koopsa, mpweya. Kathovu kakang'ono kakangolowa pa priming port n'kudutsa pa timabowo, tomwe kakhudza tafa basi sitidzukanso. Amene akuchita koyamba apeze flow cell yakale yotha ntchito ayesererepo ndi madzi mpaka dzanja lizolowere, ndipo tsiku loika zenizeni pasakhale wina woyankhula naye.

Za kuno kwathu tsopano. Flow cell imasungidwa mu firiji pa madigiri 2 mpaka 8, osati mu freezer, pomwe ma kit amafuna -20, ndipo zonsezi zili ndi nthawi yake, flow cell siyoti mugule chaka chino mudzagwiritse ntchito chaka cha mawa. Vuto lalikulu ndi ulendo wake. Ulendo wina phukusi lathu linakhala pa bwalo la ndege kudikira mapepala chifukwa amene ankatithandiza kuchotsa katundu sanamvetse kuti za m'katimo n'zofunika kuzizira, mmene linkafika ayezi yense anali madzi ofunda, ndipo ndi nthawi ya Okutobala. Kuyambira pamenepo mapepala onse timakonzeratu katundu asananyamuke ndipo wina amakhala tcheru pa foni tsiku lomwe akutera. Ikangofika chitani flow cell check tsiku lomwelo, kampaniyo imalonjeza timabowo tosachepera 800 togwira ntchito pa flow cell ya MinION ndipo ngati tachepa mumawadziwitsa musanaikepo sampulo, mukachedwa mwadzimana nokha. Kulipira ndi madola, ndipo inu nonse mukudziwa mmene forex ikuvutira, amene analemba bajeti mu kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anaona okha. Kwa zaka zambiri starter pack ankailengeza pa $1,000 ndipo nambala imeneyi ndi yomwe inakhazikika m'mitu mwa anthu, koma mitengo ndi mitundu ya kachipangizoka zasintha, pano kuli Mk1D, nde pemphani quotation yatsopano, ndipo kumbukirani kuti flow cell iliyonse ndi madola mazanamazana ndipo imatha.

Magetsi. Run imodzi imatha kuyenda mpaka maola 72. Ubwino wake kachipangizoka kamadya moto wa laputopu nde magetsi akathima sikazima nthawi yomweyo, koma batire silingapirire usiku wonse, makamaka ngati mukuchita basecalling nthawi yomweyo. Ife timaika laputopu pa inveta, timazimitsa zoti izigona yokha ndi zoti izipanga update usiku, timangosunga ma file oyambirira kenako basecalling timachita pambuyo pa kompyuta ina ya GPU ya NVIDIA. Popanda GPU, SUP imatenga nthawi yoti mutha kuiwala kuti munayambitsa. Chipinda chikhalenso chozizirira, ka Mk1B kakatenthedwa kamavutika kusunga kutentha komwe flow cell imafuna, amene muli ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja muganizirepo. Data ya run imodzi ndi ma GB makumimakumi, nthawi zina kuposa, zoti muikweza pa intaneti ndi bandulo ya pa foni iwalani, gulani SSD ziwiri ndipo phunzirani kuchita analysis pa kompyuta yanu. Zida zake zambiri ndi zaulere, Flye, minimap2, Medaka, Tandem Repeats Finder ya Gary Benson yomwe yakhalapo kuyambira 1999 ndipo ikugwirabe ntchito bwino popeza zobwereza, Companion poika maina pa majini a tizilombo, nde TriTrypDB ndi PlasmoDB poyerekeza ndi ma genome omwe alipo kale. Koma pakufunika munthu wodziwa Linux, ndipo munthu ameneyu muikeni mu bajeti, si wongomupempha Loweruka.

Ngakhale pali zonsezi, chinthu chimodzi chomwe ndimakakondera ndi choti magazi a anthu athu sakuyenera kukwera ndege. Kale kuti muone genome munkayenera kukonza mapepala a MTA a mgwirizano wotumizira masampulo, kutumiza masampulo kunja, kudikira miyezi, ndipo mwana wasukulu amene anatolera masampulowo ku Rumphi ankangolandira tebulo la zotsatira osaonako mmene zinapezekera. Pano amatulutsa DNA yekha, amaika yekha, ma read oyamba amawaona pa sikirini pasanathe ola. PacBio HiFi ndi yolondola kuposa pa zilembo, sindikutsutsa, koma makina ake si oti labu yaing'ono ingagule, nde mumabwerera ku zotumiza kunja zomwe zija.

Amene sindikuwalangiza kugula ndi a kuchipatala omwe akungofuna kudziwa ngati wodwala ali ndi kachilombo kapena ayi. Pamenepo ndingakapatse 3 pa 10, osati chifukwa n'koipa koma si ntchito yake. Maikulosikopu ndi mRDT, timizere toyezera malungo mwachangu, n'zachangu komanso zotchipa, ndipo mukafuna zozama PCR wamba imakwana. Chosangalatsa n'choti zobwereza zomwe zimatizunza pomanga genome zomwezo ndi zomwe zimapangitsa PCR kukhala yakuthwa. Ma primer a PCR otchedwa TBR omwe akhalapo kuyambira 1989 amalunjika pa 177 uja, ndipo poti makope ake ndi masauzande pa kachilombo kamodzi, ngakhale kachidutswa ka kachilombo kamaoneka. LAMP ya kaodzera, njira ina yochulukitsira DNA, imalunjika pa RIME yomwe ili ndi makope pafupifupi 500. Pa Toxoplasma anthu amagwiritsa ntchito kachidutswa ka zilembo 529 kobwerezedwa ka 200 mpaka 300, ndipo ku Latin America pa Trypanosoma cruzi ya matenda a Chagas amalunjika pa zobwereza za zilembo 195. Vuto limabwera mukafuna kudziwa ngati Trypanosoma yomwe mwaipeza mwa ng'ombe ndi yodwalitsa anthu, chifukwa TBR siyisiyanitsa, mumayenera kufufuza jini ya SRA, yopezeka mwa rhodesiense yekha, yomwe siyobwerezedwa, nde masampulo ambiri amatuluka positive pa TBR koma pa SRA osaoneka kanthu chifukwa DNA yachepa. MinION siyithetsa vuto limenelo, DNA ikachepa yachepa.

Pali njira yapakati yomwe ndikuona kuti malabu ambiri a malungo angapindule nayo msanga kuposa kulimbana ndi genome yonse, kuchulukitsa majini ochepa ndi PCR n'kuwerenga amenewo. Apa magazi ouma pa pepala amagwira ntchito, DNA ya munthu siyisokoneza, ndipo ndi ma barcode, tizizindikiro ta DNA tosiyanitsira masampulo, mutha kuika masampulo mpaka 96 pa flow cell imodzi nde mtengo pa sampulo umatsika kwambiri. Anzathu ku Ghana ndi ku Zambia achita kale zimenezi pa majini okhudza kukana mankhwala, crt, dhfr, dhps, mdr1 ndi kelch13. Kwa ife nkhani imeneyi si yachilendo, Malawi anasiya chloroquine mu 1993 n'kupita ku SP, kenako ku LA mu 2007, ndipo ndi kuno komwe zinaoneka kuti chloroquine atasiyidwa tizilombo tomumva tinabwereranso. Koma kumbali ya zobwereza, njira imeneyi ikupatsani zinthu zomwe gel siyingakupatseni. Majini a msp1, msp2 ndi glurp omwe timagwiritsa ntchito posiyanitsa malungo obwerera ndi malungo atsopano amasiyana kutalika chifukwa cha zobwereza za mkati mwake, ndipo tonse tikudziwa mkangano wa anthu awiri kuyang'ana gel imodzi wina akuti mizere ndi iwiri wina akuti itatu. Pa MinION read imodzi imadutsa jini yonse, mumaona zilembo zenizeni osati kutalika kokha. Chimodzimodzi csp, puloteni yomwe katemera wa RTS,S amalunjikapo, amene Malawi anali woyamba kuyamba kupereka kwa ana mu Epulo 2019 Ghana ndi Kenya n'kutsatira, pakati pake ndi NANP NANP pafupifupi ka 40 ndipo chiwerengerocho chimasiyana pakati pa tizilombo. Ndi hrp2, puloteni yomwe mRDT zambiri zimafufuza, nayonso ndi histidine ndi alanine zobwerezabwereza, jini yake ili kumathero kwa chromosome 8 komwe DNA imaduka kawirikawiri, ku Peru ndi ku Eritrea tizilombo tambiri tinaitaya moti mRDT zinkatuluka negative munthu akudwala. Kungoti pa PCR samalani ndi ma read osakanikirana omwe PCR yomwe imapanga m'zigawo zobwereza, mtundu womwe waoneka pa ma read ochepa kwambiri musauwerenge ngati kachilombo kena.

Ngati ndalama zangokwana flow cell imodzi kapena ziwiri, musayambe ndi sampulo ya wodwala yomwe simungaipezenso. Yambani ndi strain ya m'labu yomwe genome yake ikudziwika, 3D7 kapena Lister 427, pa Flongle, flow cell yaing'ono, ngati mungaipeze, ili ndi ma channel 126 okha koma ikuuzani ngati DNA yanu ndi yaitali komanso yoyera musanawononge yaikulu. Gulaninso wash kit, mutha kuimitsa run data ikakwana, kutsuka, n'kuikaponso sampulo ina pa timabowo totsala, kungoti gwiritsani ntchito barcode yosiyana kuti zotsalira za sampulo yoyamba zisakusokonezeni. Ndipo yankhulani ndi malabu ena ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu omwe akuitanitsa zomwezi muphatikize oda, mtengo wa flow cell umatsika mukagula zambiri ndipo mutu wa kuchotsa katundu umawawa kamodzi m'malo mwa katatu.